Nkhoswe ndi Kachidutswa ka Kuwala

Mmawa wina wa Loweruka, chisanu chikuluma makutu, a Martinho ankakankha njinga pa kanjira kopita ku Fonte Boa, tambala wa mphatso ali chimangire pa kaliyala, jekete la kaunjika litawathina m'khwapa. Pambuyo pawo pankabwera Ilídio, mwana wa mlongo wawo, wongofika kumene kuchokera ku Ulaya ndi maphunziro odzaza mutu koma opanda dzina lotchulika, ndipo tsikulo amalumewo ankapita kukamufunsira Zélia, mwana wa a Natanael, purufesori wopuma ntchito amene kale ankaphunzitsa sayansi ku Ulongwe.

A Martinho anali nkhoswe ya mbiri, makamaka m'kamwa mwawo momwe. Iwo ankati mawu opita kwa apongozi amalongedwa ngati thumba la kachewere, wamkuluwamkulu pamwamba, tonyozeka pansi. Chimene chinkawadya mutu mmawa umenewo chinali chimodzi: bambo aliyense wa mwana wamkazi amafunsa kuti mnyamatayu amagwira ntchito yanji, ndipo yankho likatsimphina, tambala amabwerera kwawo. Panalinso Anselmo, mwini kamiyau, galimoto lalikulu lonyamula kachewere kupita naye ku Tete, amene masiku amenewo ankadutsadutsa pakhomo pa a Natanael popanda katundu woti anyamule.

"Tamvera iwe," anatero a Martinho osacheuka. "Lero ndiwe mkamwini. Mkamwini alibe pakamwa. Tikafika, khala pamphasa, maso pansi, manja pamaondo. Wolankhula ndine."

"Ndamva, amalume. Koma pali kanthu kena koti ndikuuzeni tisanafike."

"Ona, wayamba kale! Kuyambira pano mpaka tibwerere, utsegule pakamwa pokhapokha ndikakufunsa funso. Uyankhe funsolo, basi, utseke. Wamva?"

"Ndamva."

Apa a Martinho anadzitchera okha msampha, chifukwa Ilídio anali mwana womvera mopitirira muyezo. Ali wamng'ono anamutuma kuti akaone ngati chigayo chikugaya. Anapita, anaona, n'kubwerera ndi thumba la chimanga lili pamutu kudzanena kuti inde, chikugaya.

"Mayi ako ankafuna atume Estêvão," anapitiriza a Martinho. "Mng'ono wanga uja, katekista wongonena zinthu mmene ziliri ngati akuwerenga m'tchalitchi. Ndi ameneyo ukanamera imvi usanakwatire. Thokoza kuti uli ndi ine. Tsopano tandipatsa katundu woti ndinyamule. Ku Ulayako umagwira ntchito yanji?"

"Ndimasintha mtundu wa kuwala."

Njinga inaima.

"Ngati magetsi a m'bala la ku Ulongwe aja? Ofiira, obiriwira, othwanimathwanima, anthu akuvina?"

"Ayi. Kumene kuja n'kuwala kochuluka. Ine ndimasintha kachidutswa kamodzi."

"Kamodzi?"

"Kamodzi kokha. Kuwala kumayenda m'tizidutswa tating'ono kwambiri, toti simungatigawenso pakati. Kamodzi timakatcha fotoni."

"N'kakakulu bwanji? Ngati njere ya mawere?"

"Sikaoneka ndi maso."

"Iwe unakaonapo?"

"Ayi."

"Abwana ako?"

"Ayinso. Kakafika, makina amangolira kuti thi."

"Thi," anatero a Martinho, akuyang'ana tambala ngati akumupempha umboni. "Mlongo wanga anagulitsa ng'ombe kuti mwana akamve thi. Chabwino. Nanga ukakasintha mtundu kanthu kosaonekako, umakagulitsa kwa ndani?"

"Sindikagulitsa. Kamanyamula uthenga kuchokera m'chosungira china kupita m'chinzake. Tinene kuti ndi nkhokwe ziwiri."

Nkhope ya a Martinho inawala koyamba mmawa umenewo.

"Eya! Bwanji sunayambire pamenepo? Nkhokwe ziwiri! Zazikulu bwanji?"

"Ina ndi kamtambo ka maatomu ozizira kwambiri, kali m'kabotolo. Inzake ndi kamwala koyera ngati galasi, kochepa kuposa chikhadabo chanu."

"Ndiye m'menemo mumasunga chiyani?"

"Uthenga."

"Mpaka dzinja?"

"Ayi. Nthawi yake sikwana ngakhale kuphethira kwa diso."

A Martinho anaphethira, mwina pofuna kuyesa, kenaka anaseka mpaka anatsokomola.

"Nkhokwe yoti ukaphethira zatha! Epa, ngakhale anankafumbwe amachita ulemu, amadya pang'onopang'ono. Nanga mtunduwo umausinthiranji? Kanthuko sikangapite mmene kabadwira?"

"Nkhokwe ziwirizi sizimvana. Ya kamtambo imatulutsa uthenga wake pa kuwala kofiira kwambiri. Ya kamwala imalandira kuwala kooneka ngati lalanje kokha. Kofiira kakafika, kamwalako sikakazindikira, kamangodutsa ngati mlendo."

"Ndiye mugule nkhokwe zofanana, anthu inu! Zimenezi zikufunika digiri?"

"Iliyonse ili ndi ubwino wake. Ina imapanga uthenga bwino, inayo imausunga motalikirapo."

"Motalikirapo kuposa kuphethira?"

"Ayi. Motalikirapo kuposa inzakeyo."

Ananyamukanso. Kanjirako kanatsikira kudambo kumene amayi ena ankathirira ndiwo m'madimba, ndipo a Martinho anapereka moni mwaulemu wonse, n'kutsitsa mawu kuti nkhani ya mwana wa mlongo wawo isamveke kwa anthu amaganizo abwinobwino.

"Tsono nkhokwe zako zosasungazo zili pafupi?"

"Pakali pano zili m'zipinda ziwiri za nyumba imodzi. Cholinga n'choti zidzakhale m'mizinda yotalikirana. Pakati pamadutsa ulusi wagalasi, ngati umene a mafoni amakwirira m'mbali mwa misewu. Koma kuwala kofiira kumafooka msanga mu ulusimo, ndiye ndimayamba ndakasintha kukhala ka mtundu umene umayenda patali. Kakafika kutsidyako ndimakasinthanso kukhala ka lalanje."

"Wapakatiwo ndi mtundu wanji?"

"Ulibe dzina, amalume. Maso a munthu sauona."

"Ima kaye. Umatenga kanthu kosaoneka, n'kukapaka mtundu wosaoneka?"

"Sindikapaka. Ndimakadutsitsa m'kamwala kena limodzi ndi kuwala kwamphamvu kwambiri. Kuwala kwamphamvuko kumakachotsera nyonga kapena kukawonjezera, mtundu n'kusintha."

"Ndipo pamwezi amakulipira?"

"Amandilipira."

"Azungu nawonso ali ndi matenda awo," anatero a Martinho motsimikiza. "Chabwino, mwina phindu lili mu uthengamo. Kanthuko kamakhala kakunena zotani?"

"Sindidziwa."

"Sudziwa?"

"Sindiloledwa kudziwa. Ukangousuzumira uli panjira, uthengawo umawonongeka. Ntchito yanga n'kuufikitsa mmene unanyamukira."

A Martinho anakankha njinga pang'ono. Kenaka anaima pakati pa njira, natsamiritsa njinga pantchafu, n'kuwomba m'manja kamodzi, tambala mpaka kudzidzimuka.

"Tadikira. Nyumba ziwiri zosamvana malankhulidwe. Wina pakati wonyamula mawu kuchoka uku kupita uko, n'kuwaveka chovala choti alandiridwe. Iwe Ilídio, unakwera ndege kupita ku Ulaya kukaphunzira unkhoswe?"

"Zikufananako."

"Zikufananako! Ntchito imene ine ndimagwira ndi njinga iyi, osalipidwa, kungodya nkhuku basi? Ukanabwera kwa ine ndikanakuphunzitsa ulere, ng'ombe zija zikanakhala zitaswana. Kusiyana kwake kuli pati?"

"Ife timasintha chovala chokha. Uthenga umayenera kufika womwewo, osawonjezera, osachotsa."

"Ndi pamene pagona uchitsiru wanu pamenepo. Uthenga wofika mmene unanyamukira ndi wa maliro wokha. Wa ukwati umafunika kudzozedwa mafuta. Ukumudziwa Nikolasi wa ku Kalomwe?"

"Wopopa matayala a njinga pamalire uja?"

"Yemweyo. Mpope umodzi, wobwerekanso. Ine n'tafika kwa apongozi ake ndinati mnyamatayu ndi amene amayendetsa zamayendedwe zonse za pamalire, popanda iye katundu sawoloka kupita ku Dedza. Ndinanama? Njinga yopanda mpweya ingawoloke?"

"Singawoloke."

"Ukwati unachitika kapena sunachitike?"

"Unachitika."

"Anadandaula ndani?"

"Mkaziyo, amayi ake, ndi a Natanael. Mkaziyo anali mwana wa mchemwali wawo."

A Martinho anakonza kolala ya jekete. Zimenezo ankazidziwa, koma ankayembekeza kuti anthu aulemu anaziiwala kale.

"Mafunso ena si oyankha," anatero. "Tiye."

Anakwera chitunda. Mphepo inkawomba kuchokera kumapiri, ndipo patsogolo pankaoneka mitengo ya bulugamu yozungulira minda ya mishoni ya ku Fonte Boa. A Martinho ankapuma mwawefuwefu, koma kunyoza sikufuna mpweya wambiri.

"Tsono iwe nkhoswe ya ku Ulaya, timithenga tako tonse timafika?"

"Ayi. Tambiri timasochera panjira."

"Tambiri? Ine sindinataye uthenga ndi umodzi womwe, ngakhale nthawi ya nkhondo tili ku Dedza kothawira kuja. Ndiye ofikawo amafika bwino?"

"Osati nthawi zonse. Kuwala kwamphamvu kuja nthawi zina kumabala tizidutswa take tabodza, tongofika n'kuliza makina koma topanda uthenga uliwonse. Timati phokoso."

"Nanga mumadziwa bwanji kuti aka n'koona, aka n'kabodza, poti simuloledwa kusuzumira?"

"Timayesa chosinthiracho. Timatumiza uthenga umene wolandira akuudziwa kale. Ukafika, amauyerekeza ndi umene akuudziwa. Zikafanana, chosinthiracho n'chokhulupirika."

"Zikasiyana?"

"Timachichotsa, n'kuikapo china."

A Martinho anaseka mpaka misozi, anachita kugwira chishalo cha njinga kuti asagwe.

"Kutumiza munthu kuti akauze mnzake zimene akuzidziwa kale! Ameneyo ndiye ntchito yamusowa. Mayo ine, maphunziro! Ndiye zonsezi mapeto ake n'chiyani? Zidzathandiza ndani?"

"M'tsogolo muno makompyuta a mtundu watsopano adzatha kulumikizana ngakhale atapangidwa mosiyana. Ndipo uthenga wake wakuba sangaumvetsere osadziwika."

"Liti?"

"Sitikudziwa."

"Chaka chamawa?"

"Sindikukhulupirira."

"Ine ndili moyo?"

Ilídio anawayang'ana bwinobwino amalume ake, kuyambira kuimvi mpaka kunsapato, ngati munthu wofuna kuyankha moona.

"Usayankhe limenelo!" anakuwa a Martinho. "Anselmo kamiyau wake ali naye lero. Akaliza hutala mudzi wonse umamva, osati thi. Iwe ukufuna ndikaime pamaso pa a Natanael ndinene kuti mkamwini wanu amasintha mtundu wa chinthu chosaoneka, kupita nacho m'nkhokwe yosasunga, uthenga wake sakuudziwa, wambiri amataya panjira, ndipo phindu lake lidzaoneka tonse titafa? Zélia umufuna kapena sumufuna?"

"Ndimufuna, amalume. Kwambiri."

Analankhula motsitsa, ndipo a Martinho anamumvera chisoni pang'ono, chifukwa mwanayo ankamukondadi mtsikanayo. Chisonicho chinawawonjezera mphamvu yofuna kunama.

"Ndiye siyira ine. Tamvera mmene katswiri amalongera thumba." Anakonza kukhosi, natambasula dzanja kuloza kumunda wa nyemba ngati kuli anthu. "Bambo Natanael, mnyamata amene tabwera nayeyu ndi enjenyero wamkulu wa magetsi ku Ulaya. Akakwiya, mizinda imagona mumdima."

Ilídio anakweza dzanja ngati mwana wa m'kalasi.

"Tsitsa dzanjalo. Ali ndi nkhokwe ziwiri, ina uku ina uko, moti katundu amachita kuyenda pa waya. Ndanama? Nkhokwe ziwiri palibe?"

"Zilipo, koma si zanga."

"N'za ndani?"

"Za yunivesidade."

"Kiyi amasunga ndani?"

"Tonse tili ndi makadi olowera."

"Ali ndi kiyi wa nkhokwe ziwiri," anatero a Martinho mokhutira. "Komanso ndi mwini miyala yamtengo wapatali. Timiyala tija n'totchipa?"

"N'todula kwambiri."

"Ona! Magetsi, nkhokwe, miyala. Anselmo adzangokhala wotinyamulira katundu pa ukwati."

Dzanja la Ilídio linakweranso. Nkhope yake inali itatupa ngati ya munthu amene wameza mbatata yotentha.

"Ukakwezanso dzanjalo ndikumangirira pa kaliyala limodzi ndi tambalayu."

Dzanja linatsika.

Anafika pa mpanda wa nkhadze. Kudzera pampata ankatha kuona nyumba ya njerwa zowotcha, bwalo losesedwa bwino, mphasa yoyalidwa, ndi mipando itandandalikidwa pakhonde. A Natanael anali atakhala kale pampando wapakati, magalasi ali pamphuno, manja atapinda pachifuwa, ngati mmene ankakhalira kale poyang'anira mayeso. A Martinho anapukuta nsapato ndi udzu, nakoka jekete kuti litsike.

"Taona mmene wakhalira, ngati ndi bishopu," ananong'ona. "Mutu wodzaza choko. Lero ndimuthira magetsi a ku Ulaya mpaka magalasiwo achite nkhungu. Adzadziwa bwanji? Zako za thi zija, ndani kuno angamuuze?"

"Ine, amalume."

"Iwe sulankhula lero."

A Martinho anayenda pang'ono, kenaka anaima, n'kubwerera.

"Ukutanthauza chiyani kuti iwe?"

"Ndinawauza kale."

"Liti?"

"Ndisananyamuke ku Ulaya."

"Mkamwini kulankhula ndi apongozi nkhoswe isanafike? Mwambo umenewu unautenga kuti?"

"Anandiimbira okha foni. Anali purufesori wanga ku sekundariya. Anati sakuimba ngati apongozi, akuimba ngati mphunzitsi wofuna kudziwa kumene sayansi yake inakafika."

"Ndiye unawauza zotani?"

"Zonse zimene ndakuuzani inu. Anafunsa mafunso ambiri mpaka foni inatha moto. Mawa lake anaimbanso, n'kundifotokozera iwo kuyambira poyamba mpaka pamapeto kuti ndione ngati amva."

"Anamva?"

"Sanalakwitse paliponse."

A Martinho anasuzumiranso pampata wa mpanda uja.

"Nanga ngati akudziwa kale zonse, ine ndikukatani kumeneko? Afunsiranji?"

"Anati afunsabe. Akufuna amve mmene uthengawo ufikire ukadutsa mwa inu."

"Mwa ine?"

"Eya. Anati za mkamwini alibe nazo nkhawa, nkhawa yawo ndi nkhoswe. Anati banja likadzavuta, mawu a mwana wawo adzayenda kudzera mwa inu, ndiye akufuna aone ngati mumafikitsa zimene mwatumidwa. Anatchulanso za Nikolasi."

"Zikafanana?"

"Alandira tambala."

Funso lotsatira a Martinho ankalidziwa yankho lake, poti anali ataliseka okha pachitunda paja mpaka misozi, koma pakamwa panafunsabe.

"Zikasiyana?"

"Anati tambala abwerere, ndipo nkhaniyi sadzaimvanso pokhapokha titabwera ndi nkhoswe ina. Amayi anauza kale amalume a Estêvão kuti akhale okonzeka."

"Estêvão! Katekista! Ine ndichotsedwe pamaso pa anthu, aikepo Estêvão? Mudzi wonse umve kuti Martinho anabwezedwa ndi tambala pa kaliyala? Mwana woipa iwe, bwanji sunandiuze poyamba paja?"

"Ndinayesa. Munati ndiyankhe mafunso okha."

"Nanga njira yonseyi?"

"Ndinakweza dzanja kawiri."

A Martinho anayesa kukumbukira zimene mwanayo ananena panjira. M'mutu munali magetsi a ku Ulaya, kiyi wa nkhokwe, miyala yodula, ndi thi. Zina zonse anali ataziseka n'kuzisiya kudambo.

Nthawi yomweyo tambala, amene anakhala chete ulendo wonse, anatambasula khosi n'kulira ndi mphamvu zake zonse. Pakhonde paja a Natanael anatukula mutu, nasuzumira pamwamba pa magalasi.

"Kodi si a Martinho amenewo kuseri kwa mpanda? Fikani, fikani! Takudikirani. Ndaitana ndi abale omwe kuti adzamve nawo."

"Tikubwera, bambo!" anayankha a Martinho ndi mawu a munthu wina. "Tcheni cha njinga chavuka!"

Ilídio anawerama kuyang'ana tchenicho.

"Usanene kanthu za tcheni," anatero a Martinho mwamsanga.

Anagoneka njinga pansi, nanjuta kuseri kwa nkhadze, jekete n'kung'ambika kukhwapa osalimva n'komwe. Anamukoka mwana wa mlongo wawo pa buluku kuti naye anjute. Kenaka anavula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri ngati munthu wopempha munda.

"Bambo Ilídio," ananong'ona, "lamulo lija latha, lankhulani momasuka. Kanyamuka kofiira, eti? Tayambiraninso poyamba, pang'onopang'ono, muzindipatsa kachidutswa kamodzikamodzi."